Miyendo ya Baldovino

Mwamuna wanga Baldovino Chiguay anabadwira m'boti, mayi ake ali pa ulendo wopita kwa mzamba, ndipo apongozi angawo ankati chibadwire chake mwanayo sanakhalepo pansi. Sankanama. Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi zoyamba za banja lathu, sindikumbuka tsiku limene anamaliza mbale atakhala pampando. Ankadya choimirira pawindo, chitumbuwa cha mbatatesi chili m'dzanja, maso ali kunyanja. Kutchalitchi ankaima pakhomo. Pa ukwati wathu weniweniwo, anthu akuvina, iye anazemba kukaona ngati mafunde sanakoke boti la bambo ake, n'kubwera nsapato zobwereka zili chonyowa.

Kuno ku Quelmo mwamuna wa zaka makumi asanu umamudziwira kayendedwe. Wina amakoka mwendo, wina amayendera ndodo ziwiri, wina amangomutulutsa pakhonde m'mawa n'kumulowetsa mvula ikayamba. Onsewo anali abuzo, amuna obira pansi pa nyanja kukatola nkhono, ndipo chinawathyola n'chimodzi: kukhalitsa pansi kapena kuvuuka mothamanga. Magazi amachita thovu, thovulo likakakhala pamsana, miyendo yapita. Pa amsinkhu wake onse, Baldo yekha ndiye ankayenda mowongoka, kuthamanga, kukwera padenga kukamata podontha. Mudzi wonse unkadziwa kuti miyendo imeneyo ndinkaisunga ndine, ndipo ndisaname, ndinkayenda nazo mapewa m'mwamba.

Ndinayamba kumugwirira payipi tili ndi miyezi itatu m'banja, nditapeza msuweni wake akuwodzera pa ntchitoyo. Kompulesa imalira m'boti, payipi yachikasu imatsika m'madzi, ndipo kumapeto kwake kuli mwamuna wako akupuma mpweya umene iweyo ukumutumizira. Dzanja limodzi pa payipi, maso pa thovu, wotchi ili pachifuwa yomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Iye akakoka kamodzi, ali bwino. Akakoka kawiri, akufuna ndimumasulire. Ine ndikakoka katatu, nthawi yatha, anyamuke. Ndipo akafika mikwamba itatu kuti atulukire, ndinkaigwira payipi ija nga, mphindi khumi zathunthu, kaya atukwane chotani. Ankatukwanadi. Ndinkaonera thovu likuwira.

"Ercilia, ukufuna ndiume ngati nsomba ya mufiriji?" ankatero akangochotsa chopumira mkamwa. "Madziwa akuluma mafupa, iwe uli phee ndi wotchi yakoyo!"

"Uma. Wouma timuotcha pachitofu. Nanga wopuwala timutani?"

"Mkazi ameneyu anakwatiwa nane kuti azindizunza."

"Kwera, nkhalamba iwe, khofi akuzizira."

Baldo sanavalepo wotchi. Ankati wotchi ndi ya anthu odikira basi pamsewu. Mpweya nawonso sanauwerengepo, chifukwa injini ikamalira mpweya sutha. Thupi lake linkadziwa malamulo awiri okha. Loyamba, khala pansi mpaka Ercilia akukoke. Lachiwiri, mpweya ukayamba kulimba ndiye kuti injini yazima, masula lamba wa mtovu uthawire kumwamba. Pa mikwamba isanu ndi umodzi pamene timatola nkhono, lamulo lachiwirilo limapulumutsa munthu. Iyenso linamupulumutsa kawiri.

Chimene chinkamudya mwamuna wangayu ndi Mjeremani. Ndi mmene timaitchulira sitima imene ili pansi kuseri kwa chilumba cha kum'mwera kuja. Akuluakulu ankati inali yonyamula malasha, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkabisala pakati pa zilumba zathuzi kudikira sitima yankhondo imene sinabwere. Eni ake atamva kuti adani ali pafupi, anaiboola okha n'kupalasira kumtunda. Agogo ake a Baldo ankalumbira kuti anawagulitsa nkhosa ziwiri. Kaya n'zoona, kaya unali mowa wa chicha ukuyankhula, sindinaliko.

Sitimayo inakhala chilili pa mikwamba makumi atatu ndi iwiri, nsonga ya mlongoti wake ili pa makumi awiri ndi iwiri. Baldo anaipeza akutsatira nangula wathu atakodwa. Pakuya choncho kompulesa yathu inkangouzira ngati gogo wopemerera moto wa nkhuni zaziwisi, moti kupitirira nsonga ija kunali kufa. Anaigwira nsongayo kanayi m'moyo wake. Ulendo uliwonse ndinkamupatsa mphindi zitatu, kenako n'kumulanga ndi theka la ola ali lende pansi pa boti. Akachoka kumeneko ankatha sabata akuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

"Waonako chiyani kumeneko?" ndinamufunsa ulendo wachinayiwo.

"Mdima. Koma ili pompo, mayi, pansi pa mapazi angawa. Ndimachita kuimva."

"Golide mulibe. Ndi malasha okhaokha."

"Ndati ndikufuna golide ine? Ndikufuna ndipondepo. Ndiyende kuchokera kumutu mpaka kumbuyo kwake, basi. Ndikatero mtima ukhala m'malo."

"Wako mtimawo? Malo ake unawaonapo?"

Chaka chimene Baldo anakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mu Febuluwale, amene kuno ndi mwezi wa chilimwe, kunabwera mtsikana wa ku Valdivia dzina lake Maite Olavarría, galimoto yake itadzaza mabotolo a mpweya. Ntchito yake inali yophunzitsa anthu kubira ndi mabotolo kumsana, ndipo payekha ankajambula sitima zakale zomira. Anali atamva za Mjeremani, koma pomwe wagona sankadziwa. Anafunsa pagombe, aliyense n'kumulozera kwathu. Ndi Baldo yekha amene ankadziwa kulunjikitsa thanthwe long'ambika ndi chipsera choyera cha paphiri kuti boti liime pamwamba pake penipeni.

Anakhala m'khitchini mwanga, iye ndi mchimwene wanga Artemio amene amatiyendetsera boti. Baldo anali chiimire, ngati kale.

"Ndalama zanuzo sungani, Señorita," anatero. "Ndikulozerani malowo, koma titsikire limodzi. Apo ayi, kafufuzeni nokha, nyanja ndi yaikulu."

Mtsikanayo sanavomere msanga. Anafunsa zaka zake, za mtima wake, ngati thovu linamugwirapo. Atamva kuti pa zaka zonsezo silinamugwirepo n'kamodzi komwe, anamuyang'ana ngati waona chozizwitsa. Anayang'ana iyeyo, osati ine. Kenako anati amuphunzitsa masabata awiri, ndipo akakhutira naye atsika.

"Doña Ercilia, inu musade nkhawa," anatembenukira kwa ine. "Ndi mabotolo munthu safuna womugwirira pamwamba. Nthawi, kuya, mpweya, zonse zimakhala pa dzanja pake."

Ndikudziwa kuti ankanditonthoza. Koma Baldo anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Wamva, nkhalamba? Wapuma pa ntchito. Kaluke masokosi."

"Mbuzi yadula chingwe, mlamu!" anatero Artemio akumenya tebulo. "Zaka zonsezi ali pachikhomo!"

Anaseka onse atatu, mtsikanayo mwamanyazi. Ine ndinathira khofi, koma m'kati ndinali nditapsa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi m'mvula ndi m'mphepo, zala zong'ambika ndi mchere, ana awiri ndinawayamwitsa dzanja lina lili pa payipi, lero ndasanduka chikhomo chomangirapo mbuzi.

Masokosiwo ndinalukadi. Ndinkawalukira padoko penipeni, pomwe iwo ankaphunzirira, kuti aliyense aone. Madzi a pamenepo m'chilimwe amayera, ndipo munthu ali pa mikwamba inayi umamuona bwinobwino. Maite ankavuuka akutamanda. "Don Baldo ndi nsomba! Mpweya amaugwiritsa ntchito pang'ono kuposa ine." Pamtunda ankamufunsa, iye n'kumayankha ngati mwana wa katekisimu: mphindi khumi ndi ziwiri pa sitima, kubwerera pachingwe, kuima apa mphindi zakuti, apa zakuti, geji ya mpweya ikafika apa nyamuka osadikira munthu. Sankaphonya.

Koma ine ndinkaona zina. Pansi paja mtsikanayo ankamugunda paphewa n'kuloza wotchi ya pamkono, Baldo n'kuyang'ana, n'kugwedeza mutu. Pakapita kanthawi ankamugundanso n'kuloza geji, iye n'kuyang'ananso. Ndinayamba kuwerenga, poti kuwerenga ndiye ntchito yanga. Masiku asanu motsatizana, Baldo sanatukulepo mkono umenewo payekha ngakhale kamodzi. Malamulo atsopanowo anawaloweza ndi pakamwa, koma thupi linali likudikirabe kukokedwa. Mtsikanayo sakanazindikira. Ankamugunda mwachizolowezi, ngati mmene amachitira ndi ophunzira ake onse, munthuyo n'kuchita zoyenera nthawi yomweyo.

Atapita kukayeserera kozama, pa mikwamba makumi awiri, sindinapite nawo. Anabwerako akusekerera onse. Ndinadziwa kuti kumenekonso phewa linagundidwa.

Ndinati ndimutsine khutu mtsikanayo. Ndinatsimikiza mtima kawiri konse, kawiri konse n'kubwerera panjira. Tsiku loti mawa atsika, masana, anatsitsa kompulesa yanga m'boti kuti mabotolo apeze malo. Anaiika pamchenga n'kuifunditsa lona. Baldo anaisisita pamwamba.

"Gonani bwino, agogo. Mwagwira ntchito."

Maite anabwera pomwe ndinaima, akupukuta manja pa buluku.

"Doña Ercilia, pali chimene ndiyenera kudziwa za amuna anu? Inu mumawadziwa m'madzi kuposa ine."

Anafunsa bwino, mwaulemu, maso ali pa ine. Pakamwa panga panali potseguka kale. Koma kuseri kwake ndinkaona lona ija ikukupiza ndi mphepo.

"Paja munati zonse zili pa dzanja pake," ndinatero. "Ine ndingadziwe chiyani, woluka masokosi?"

Mumtima ndinkati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndinkaona ngati Baldo akachita mantha pang'ono, mtsikanayo amugwira pakhosi n'kumukweza, abwera kunyumba mutu uli pansi, ndiye adziwe kuti chikhomo chija chinali cha ntchito yanji. Zoti awiriwo angasiyane pansipo sizinandibwerere m'mutu. Kapena zinabwera ine n'kuzithamangitsa. Mpaka lero sindidziwa.

M'mawa mwake nyanja inali bata, kamvula kakuwaza. Ndinakwera nawo boti popanda wondiitana, wotchi yanga ili pachifuwa. Baldo anaimirira kutsogolo ulendo wonse, akulozera Artemio ndi dzanja, uku, uku pang'ono, basi pomwepa. Anaponya chingwe chokhala ndi chitsulo kunsi ndi chigubu pamwamba, boti n'kulimangirira kuchigubuko. Atavala zonse, mabotolo awiri kumsana, Baldo ankaoneka ngati wasenza katundu wa eni. Ankapondaponda, osatha kudikira kuti mtsikanayo amalize kumuyendera zingwe.

"Nkhalamba, sundifunira mwayi?"

"Madziwo ndi omwe aja. Pita."

Anagwera chagada, chubwi, mtsikanayo pambuyo pake. Ndinayang'ana wotchi.

Sindinadziwepo kuti manja opanda kanthu amalemera chotere. Ndinawaika pamiyendo, ndinawapinda, ndinawalowetsa m'thumba, kenako ndinangogwira chingwe cha chigubu chija ngakhale sichinkandiuza kanthu. Thovu linkatuluka pamodzi, pafupi ndi chingwe. La Baldo ndinkalidziwa pakati pa la mtsikanayo ngati mmene umadziwira chifuwa cha mwana wako m'chipinda china: iye amapuma motalika, n'kudukiza, n'kutulutsa kamodzi.

Pa mphindi yachisanu ndi chitatu thovu linagawikana.

Lina linayamba kuzungulira mothamanga, uku ndi uku, kubwerera pachingwe, kuchokanso. Linalo linalunjika kum'mwera, pang'onopang'ono, mosatekeseka. Tinamva pambuyo pake kuti fumbi la malasha linabuka pansipo mpaka munthu osaona dzanja lake lomwe. Kwa Maite imeneyo inali ngozi. Kwa Baldo, amene wagwira ntchito yekha m'matope moyo wake wonse, linali tsiku ngati lina lililonse. Anagwira chitsulo cha m'mphepete mwa sitima n'kumapita.

"Akutani ameneyu?" anafunsa Artemio.

"Akuyenda," ndinatero. "Akuyenda pa sitima yake."

Mphindi khumi ndi ziwiri zitakwana, dzanja langa linakoka chingwe chija katatu lokha. Kumapeto kwake kunalibe munthu. Thovu la mtsikanayo linasakasaka mpaka mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu, kenako linabwerera pachingwe n'kuyamba kukwera. Sindimuimba mlandu, anali atapyola kale malire ake. La Baldo linafika patali ndithu n'kuima malo amodzi. Linkatuluka bwinobwino, motalika, kudukiza, kamodzi. Munthuyo sanali pa mavuto ayi. Ndinkadziwa chimene ankachita.

Ndinatola sipanala n'kuyamba kumenya m'mbali mwa boti, katatu, katatu, katatu. Artemio analiza injini, kuizimitsa, kuilizanso. Ndinakuwa dzina lake pamadzi ngati wamisala, ine amene ndikudziwa kuti mawu salowa m'nyanja. Mphindi makumi awiri. Makumi awiri ndi zisanu. Utoto wa boti unkagwera m'madzi, sipanala inandisupula chala, thovu lija lili pompaja.

Pa mphindi makumi atatu ndi imodzi linayamba kuchepa. Kenako linaduka. Kenako madzi anawira malo aakulu ngati tebulo, ndipo ndinadziwa kuti wamasula lamba.

Anavuuka ngati chigubu chimene unachikanikizira pansi, mpaka m'chiuno. Tinamasula boti n'kuthamangirako. Anakwera makwerero yekha, magazi akutuluka m'mphuno, akuseka.

"Ndapondapo, nkhalamba! Ndayenda mpaka kumbuyo! Mawindo ake alipo onse, Artemio, ozungulira, mzere wonse!"

"Gona pansi," ndinatero.

"Ndigone chifukwa chiyani? Ndili bwinobwino ine. Taona!" Anapondaponda m'botimo, madzi akuchucha m'suti yake yobirira.

"Baldovino, ndati gona pansi!"

Sanagone. Anapitiriza kulongosola, manja ali m'mwamba. Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri anadukiza nkhani pakati, n'kuyang'ana mapazi ake.

"Achita dzanzi," anatero ndi mawu aang'ono. Anafufuza thabwa kumbuyo kwake n'kukhala pansi, popanda womuuza.

Mwa chikhalidwe chathu tikanamubweza m'madzi pa payipi kuti thovu libwerere m'magazi. Madokotala amaletsa, koma ndinaonapo amuna akupulumuka nazo. Kompulesa inali pamchenga ku Quelmo, itafunda lona. Artemio anamuveka chopumira cha botolo lobiriwira la mpweya wa odwala limene Maite anamuonetsa dzulo lake, n'kuyesa wailesi. Kuseri kwa chilumba chimenecho wailesi imangolira mphepo. Ndipo pansi pa chigubu panali mwana wa eni ali lende pachingwe, akudikira kuti thovu la m'magazi ake lituluke.

"Timukoke mtsikanayu tizipita!" anatero Artemio, dzanja lili kale pachingwe.

"Ukangochigwedeza chingwecho ndikuthyola mkono."

"Achemwali, mwamuna wanu akufa miyendo apa!"

"Ndikuona! Ukufuna tinyamule awiri?"

Kumusiya sitikanatha, m'madzi ozizira chonchija, kopanda boti lina. Kumukweza msanga kunali kumupha miyendo nayenso. Ndinakhala m'mphepete mwa boti, dzanja lina likutsina ntchafu ya Baldo, lina litagwira wotchi, ndikuwerengera mphindi mtsikana amene ndinamumana mawu dzulo lake. Ndinkatsina n'kufunsa, ukumva? Pa bondo anati eya. Patapita kanthawi pa bondo pomwepo anati ayi. Ndinakweza dzanja. Ukumva? Dzanzi lija linkakwera ndikuliona, ngati madzi akamadzaza pagombe.

Zinatenga mphindi makumi awiri ndi zinayi. Maite anavuuka akulira kale, poganiza kuti wamusiya pansi wakufa. Atamuona m'boti anafuula mokondwa, kenako anaona mmene miyendo inagonera.

Maola anayi pamadzi kukafika kutauni ya Quellón, kenako ambulansi mpaka kuchipatala chimene chili ndi chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya. Anamulowetsamo kasanu ndi kanayi. Manja, amene nawonso anali atachita dzanzi, anabwerera, ndipo anayambanso kudziwa nthawi yopita kuchimbudzi, zimene dokotala anati tithokoze. Miyendo sinabwerere. Chala chachikulu cha kumanja chimagwedera pang'ono akalimbikira mpaka thukuta, basi.

Tinabwerera kunyumba nyengo yachisanu itayamba. Mukaganiza kuti njinga ya olumala inamukhazika munthu ameneyu, simukumudziwa. Kuchoka pawindo kupita pakhomo, pakhomo kupita kuchitofu, kuchitofu kubwerera pawindo, tsiku lonse, mpaka matayala anasiya mizere pathabwa. Mafelemu a zitseko zanga onse ndi okumbika. Aliyense wobwera kudzazonda ankamva za Mjeremani: zitsulo zomera maluwa oyera, nsomba yaikulu ngati ntchafu imene inasuzumira pawindo, malasha akuda bii ngati awakumba dzulo. Amuna a ndodo aja ankabwera kudzakhala naye, ndipo palibe amene anamuseka. Akazi awo ndi amene ankandiyang'ana, ena mwachisoni, ena mosabisa kuti mapewa aja atsika.

Maite anabwera kawiri, ataonda. Anali atasiya kuphunzitsa. Ulendo wachiwiri anandigwira manja m'khitchini n'kunena kuti mlandu wonse ndi wake, sanayenera kumutaya m'fumbi muja. Ndinamuthirira khofi. Ndinamusiya apite nawo mlanduwo ku Valdivia.

Madokotala Baldo anawauza kuti kuya kunamuledzeretsa, ndipo iwo anavomera, poti zimachitikadi. Ine sindinamufunse kanthu mpaka tsiku lina masana, mvula ikugwa, tili awiri. Ndinkasenda mbatatesi, iye akuzungulira. Atandidutsa kachisanu ndinaika mpeni pansi.

"Wotchi inali pamkono pako. Bwanji sunayang'ane?"

Anaima pawindo, atandipatsa msana.

"Ndinaiwala kuti ilipo."

"Theka la ola lathunthu?"

"Sindinaledzere ine, Ercilia. Zija ndinangowauza madokotala. Mutu unali bwinobwino." Anapukuta nthunzi pagalasi ndi chikhatho. "Ndinafika kumbuyo kuja, ndinaima, ndagwira chitsulo. Ndimvekere, ndakhalitsatu ine. Kenako ndimvekere ayi, nthawi ikanatha bwenzi atandikoka kale. Ndiye ndinadikira."

"Unkadikira ndani?"

"Ukufunsa?"

Ndikanatha kutola mpeni uja n'kupitiriza kusenda. Iye sankandiimba mlandu, ankadziseka yekha uchitsiru. Koma chinthucho ndinali nditachisunga ndekha miyezi isanu.

"Ndinkadziwa," ndinatero. "Ndinakuona padoko paja masiku asanu, sunayang'anepo wekha. Mtsikana uja anandifunsa ngati pali choti adziwe. Ndinamuyankha za masokosi."

Sanatembenuke. Manja ake, amene sakhala osagwira kanthu, anali phee pa matayala. Ndinkafuna atukwane ngati mmene ankachitira pansi pa boti. Ndikanadziwa poyankha.

"Mawa umuimbire mtsikana uja," anatero pomaliza. "Umuuze zimene wandiuzazi. Abwerere ku ntchito yake."

"Ndimuimbira."

"Usanene kuti ndakutuma ndine."

Anayesa kutembenuza njinga, koma inakana. Anayesanso, n'kuyang'ana pansi. Phazi lamanzere linali litagwa pachopondera n'kupindikira kunsi kwa tayala, ndipo iye anali akuliponda osadziwa.

"Tandibwezera phazilo," anatero, maso atabwerera kuwindo.

Ndinagwada, ndinakankha tayala, n'kulinyamula phazilo ndi manja awiri. Linali lozizira, khungu litasupuka pa kakolo. Ndinaliwongola bwinobwino n'kulikhazika pamalo pake. Iye anangokhala chidikirire, akuyang'ana mvula, ndipo sanadziwe kuti ndamaliza mpaka nditamuuza.